Kuluza Izigona Mbali Iti ya Boda?

"Nambala ikhala ya ku Malawi. Nkhani yatha," adatero a Chisale uku akumenya patebulo, tiyi n'kutayikira m'mbale ya mandasi.

"Yatha kwa ndani? Ndisonkhe ndalama zanga ine, motoka ikafere pa mzere wa dizilo ku Lilongwe? Asuweni, mwamwa chiyani m'mawa uno?"

Oyankhawo adali a Naphiri a ku Kapata mu Chipata, mayi wa zitenje za ku Kamwala ndi makatoni a sopo wa Boom, amene akawoloka boda amabwerera ndi mpunga wa Kilombero, usipa ndi Sobo. A Chisale ndi a kwa Kamwendo ku Mchinji, venda wa soya ndi mtedza, wosasiyana ndi sikelo yake. Mayi awo a Chisale ndi bambo awo a Naphiri ndi a bere limodzi, kungoti mzere wa atsamunda udadutsa pakati pa minda ya banja, wina n'kukhala wa uku wina wa uko. Tsono awiriwa ndi pachisuweni, ndipo chipongwe cha pachisuweni sichifika kwa amfumu.

Mvula idawatsekera m'tiyirumu ina pa Mwami, katundu wawo ali kale pansi pa lona. Chimene ankalimbirana chidali pa foni ya a Naphiri: chithunzi cha Land Cruiser ya bodi kumbuyo, yopangidwa mu 1996, imene idayambira ntchito pa chipatala cha mishoni, kenaka n'kukakalambira kwa mlimi wa fodya. Penti yake idali yoyera kalekale. Chitseko cha wokwera adachimanga ndi mphira wa chubu, galasi lakutsogolo lili ndi mng'alu kuchokera pakona mpaka pakona, ndipo chitsulo chakumphuno chidapindika tsiku limene idakumana ndi ng'ombe. Galimotoyo adali asanagule. Ankakangana za komwe izigona.

"Mzere wa mafuta ndi sukulu," adatero a Chisale. "Pamzere timadziwana, timagulitsana mbuzi, ena apezerapo mabanja. Inu mafuta muli nawo, koma mtengo umasintha mwezi ndi mwezi. Munthu wa geni angawerengere bwanji phindu ndi dizilo wotere?"

"Bola wosintha mtengo kusiyana ndi wosaoneka. Wathu amayenda m'paipi ya TAZAMA kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Ndola, makilomita 1,710. Wanu amabwera pa malole, tsiku limene madola apezeka. Nanga zigubu zija mumabisa pansi pa matumba pobwerera kwanu zimakhala za madzi odalitsa?"

"Mwayamba dala. Tikambe za magetsi tsono? Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, si inu munkagona ndi nkhuku? Munkatuma ana kudzatchajitsa mafoni kwathu."

"Kuluza siyendera magetsi, amuna anga. Khalani pa nkhani."

Chidawafikitsa pa ganizo logula galimotoyi ndi dzinja lapitalo. Aliyense wa geni amadziwa kuti phindu lili kumene ena safika. M'mbali mwa phula mavenda amapondana, mtengo wa mchere n'kukhala umodzi kuyambira pa boda mpaka ku Namitete. Koma kwa Mkanda, ku Vubwi ndi m'midzi ya ku Chadiza, mvula ikakhazikika, amene wafika ndi feteleza, sopo ndi mafuta ophikira ndiye amatchula mtengo. Awiriwa adachita hayala kalole kamatani atatu, n'kukatitimira nako padambo mpaka m'mimba. Adagona pomwepo, udzudzu ukuwaimbira, matumba a feteleza akunyowa. Kutacha kudatulukira ambulansi ya Land Cruiser. Dalaivala adatsika, n'kupotokola tizitsulo tapakati pa matayala akutsogolo, n'kukweranso, n'kulambalala lole yawo kudzera m'matope enieniwo, mpaka kutsidya. Adawakwezera mkono powapatsa moni. Lole yawo idadzatuluka madzulo ndi ng'ombe zinayi za munthu wa m'mudzimo, amene adalipiritsa thumba limodzi la feteleza.

"Dambo lija lili mbali ya kwanu," adakumbutsa a Naphiri.

"N'chifukwa chake ndikuti nambala ikhale ya ku Malawi. Galimoto yotere imafuna dziko la misewu yoipa, ndipo pa kuipa kwa misewu simungatipose."

Apa ndiye nkhani idatembenuka modabwitsa. Anthu amene masiku onse amakangana kuti dziko lotukuka ndi liti adayamba kulimbirana kuti misewu yowonongeka kwambiri ndi ya ndani, aliyense akunyadira mabampu a kwawo.

"Mudakwerapo Golodi inu? Kuchoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, makona 20 opindika chobwerera, uku phiri uku phompho. Pamakona ena dalaivala amabwerera m'mbuyo kaye kuti akhote. Amayi amatsika n'kuyenda pansi, akuti bola kutupa miyendo. Nanga wa ku Nyika, kuchokera ku Rumphi? Munthu umafika mano atagwedera."

"Mapiri chabe amenewo. Phiri lili ndi mwala pansi, tayala limagwira. Bwerani ku chigwa cha Luangwa mu Febuluwale mudzaone dothi lakuda limene limavula munthu nsapato. Makampu a azungu am'kati mwa tchire amatseka dzinja lonse chifukwa cha matope amenewo. Pitani ku Chama mukaone. Inu kadziko kanu mukatitimira mumangokuwa, mudzi wapafupi n'kubwera ndi makasu. Ife ukatitimira, amene amabwera kudzakuzonda ndi njovu."

"Kwathu ukatitimira amabwera ndi makasu, inde, koma ena mwa iwo ndi omwe adakumba dzenjelo usiku."

"Mwaona? Mpaka matope mwawasandutsa geni."

A Chisale adafuna kuzembera kwina. Iwo ati mtima wawo udali pa Hilux, ya zitseko zinayi, yozizira m'kati, zija amazimanga ku Durban. Kapena bwanji osangogula ma Sienta awiri pa intaneti, abwere kudzera ku Dar es Salaam, imodzi ilowere pa Songwe ina pa Nakonde, aliyense akhale ndi yake?

"Sienta?" A Naphiri adaika kapu pansi. "Ija a ku Japan adaipangira banja la anthu asanu ndi awiri, inu mumakwezamo khumi ndi anayi, mbuzi ndi matumba a makala? Dalaivala kukhala pamwendo pa pasinjala?"

"Musatinamizire tokha. Mataxi anu a Chipata kudzafika pa boda pano, kutsogolo kumakhala anthu angati? Tsiku lina amene ankasintha giya adali mayi wapakati, dalaivala akungomuuza kuti ikani thiri."

"Koma taxi ija imafika. Manje mverani, ndikuphunzitseni motoka."

Pa nkhani ya zitsulo a Chisale amangokhala chete, chifukwa malemu amuna awo a Naphiri adagwira ntchito zaka zambiri ku Mfuwe, kuyendetsa alendo oona nyama pa Land Cruiser zodula denga, ndipo mayiwa masabata ambiri adathera pansi pa galimoto akugwirira tochi. Adakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri.

"Injini iyi ndi 1HZ. Malita 4.2, masilinda sikisi, dizilo, yopanda tebo, yopanda kompyuta. Toyota idayamba kuipanga mu 1990 ndipo mpaka lero ikadali m'ma ambulansi. Siithamanga, iyayi. Pa Great East Road mabasi azikupitirirani, ana akukubayibitsani pawindo. Koma imadya chilichonse ngati nkhumba ya kumudzi. Dizilo wanu wa m'zigubu uja, wosefa ndi kansalu, muthire mu motoka zatsopano zija za makompyuta muone ngati simuitana munthu wa laputopu kuchokera ku Lusaka. Iyi imangotsokomola kamodzi n'kupitiriza ulendo."

"Nanga chimpope ichi chakwera m'mbali mwa galasi? Ndi cha utsi?"

"Ndi mphuno. Imapumira pamenepo, pamwamba, kuti powoloka mtsinje isamwe madzi, ndiponso isameze fumbi la m'matayala. Pansi apa, onani, masipuling'i a mapale, kutsogolo ndi kumbuyo. Likathyoka limodzi mumamanga ndi mtengo ndi mphira mpaka mukafike kwa wowotcherera. Ndipo giya yaing'ono iyi ya pambali si yokolekapo jumbo ya tomato. Mukafika pa matope mumatsika, kutseka mahabu akutsogolo, kuika giya yotsika, n'kuyenda mwaulemu. Osaponda moto mwaukali. Amene amaponda mwaukali ndi amene amakumba manda a motoka yake."

"Tsobola wakale sawawa, asuweni. Galimoto ya 1996 ndi nkhalamba."

"Inu mudabadwa liti? Nanga bwanji akazi anu sadakugulitseni kwa a zitsulo zakutha?"

Mwini tiyirumu, a Zulu, mkulu wa imvi amene unyamata wake wonse adali dalaivala wa alangizi a zaulimi, adaseka mpaka kukhosomola. Adabwera ndi ketulo, n'kukhala pa benchi osaitanidwa.

"Ana inu mukukamba za Toyota chifukwa mudabadwa dzulo. Ife galimoto ya tchire tinkaidziwa imodzi, Land Rover. Bwanamkubwa Land Rover, wansembe Land Rover, wa katemera Land Rover. Azungu a ku Britain adaitulutsa mu 1948, nkhondo itangotha. Chitsulo chidali chosowa, ndiye thupi lake adapanga ndi aluminiyamu, n'chifukwa chake mukaipeza yakufa kuseri kwa polisi imakhala yosachita dzimbiri, nkhuku zikuikira m'kati. Adaipangira alimi. Inkakoka pulawo, ndipo kumbuyo inkatha kuzunguza lamba wa makina."

"Lamba?" Maso a a Chisale adawala. "Ndiye kuti ingayendetse chigayo?"

"Mwamuona Mmalawi?" adatero a Naphiri. "Mum'patse ndege, afunsa ngati ingagaye mgaiwa."

"Land Rover ndi imene idabweretsa ufulu kwathu kuno," adapitiriza a Zulu. "Mukapita ku Lusaka, pa Chilenje House 394 pamene ankakhala a Kaunda, ilipo mpaka lero Land Rover imene ankayendera pomenyera ufulu."

"A Kaunda ake ati?" adafunsa a Chisale mokweza, kuti a pa tebulo lina amve. "Omwe aja bambo awo adachokera ku Nyasaland kukaphunzitsa ku Lubwa? Ndiye kuti tidakubwerekani pulezidenti zaka 27, osalipira ngakhale msonkho wa pa boda. Ife Land Rover yathu inkanyamula Ngwazi, yopanda denga, ikuzungulira m'sitediyamu, litchowa lili m'mwamba."

"Kambani zonse, asuweni. Nanga ija inkabwera usiku, ya anyamata a Payoniya? Amalume anu adagona m'munda wa chimanga kangati atangomva kulira kwa injini? Si kuno adathawira?"

A Chisale adamwa tiyi. Pa mfundo imeneyo padalibe choseketsa, ndipo a Zulu, amene adaona anthu a Mboni za Yehova akuwoloka malire omwewa ndi mitolo pamutu m'zaka za m'ma 1970, adangogwedeza mutu. Galimoto yofika paliponse imafikitsa mankhwala, imafikitsanso amene sukuwafuna.

"Tsono idagonja bwanji Land Rover yanuyo, madala?" adafunsa a Chisale pofuna kuchotsa chete.

"Mafuta a injini, mwana wanga. Pamene yagona Land Rover m'mawa umapeza chizindikiro pansi. Tinkati ikasiya kudontha ndiye kuti atha. Wa ku Japan adabwera mwakachetechete. Yake yoyamba adaipanga mu 1951, nthawi ya nkhondo ya ku Korea, potengera Jeep ya Amereka, ndipo pofuna kuonetsa mphamvu adaikweza phiri la Fuji mpaka pamene galimoto idali isanafikepo. Dzina loti Land Cruiser lidabwera mu 1954. Mtundu uwu mukufuna kugulawu, wa 70, udayamba mu 1984 ndipo akuupangabe, maonekedwe ake pafupifupi omwewo. Land Rover yachikale ija adasiya kuipanga mu Januwale 2016. Kampani yake eni ake tsopano ndi Amwenye a Tata, ndipo yatsopanoyo ndi ya anthu onunkhira, simungakwezemo mbuzi."

Nkhani ya mayiko akutali a Chisale amaikonda, chifukwa usiku akamalondera matumba amaonera mavidiyo pa foni. Adafotokoza kuti ku Australia alimi a ng'ombe ndi anthu a m'migodi salumbirira galimoto ina koma yomweyi. Kuti Aarabu a ku Dubai amakwera nayo milu ya mchenga pongosewera. Kuti zoyera zija za United Nations ndi mabungwe, zokhala ndi mlongoti wa wailesi kumphuno, zambiri zimadzera ku Gibraltar, kumene kuli kampani imene ntchito yake ndi kuzikonzera mabungwe basi. Kuti pofika 2019 Toyota idali itagulitsa Land Cruiser zoposa 10 miliyoni.

"Ndipo ku Chad, mu 1987, asilikali adathamangitsa akasinja a Gaddafi ali pa mapikapu a Toyota, mfuti atazimangirira kubodi. Nkhondoyo mpaka lero imatchedwa ndi dzina la Toyota. Taganizani, asuweni, chinthu chimodzi chomwecho: uku chanyamula mayi wodwala, uku chanyamula mzinga, uku mzungu akujambula mkango."

"Uku chanyamula soya wa Chisale wothira mchenga kuti alemere."

"Mchenga umalowa wokha popuntha. Ngakhale Papa John Paul II ankayendera ya mtundu womwewu, ya Mercedes, ataiikira kanyumba ka galasi."

"Ndiye mukufuna tikuikireni kanyumba ka galasi kubodi, muzidalitsa anthu a kwa Kamwendo?"

Ali m'kati moseka, panja padaima chigalimoto chakuda, chonyezimira, magalasi osaoneka m'kati. Dalaivala adatsika ndi ambulera, n'kuthamangira kukatsegula chitseko chakumbuyo. Bwana adaponda pansi mosamala, akuzemba kachithaphwi. Onse a m'tiyirumu adasuzumira kuti aone nambala.

"Ya kwanu," adatero a Naphiri.

"Ya kwanu. Mimba imeneyo ndi ya GRZ, ya boma lanu."

"Mimba za MG ndiye zimakhala zazing'ono?"

Apa mayiko awiriwa adapezeka kuti ndi a bere limodzi ndithu. Galimoto imene adaipangira matope, ku Lilongwe ndi ku Lusaka idasanduka mpando wa ulemu. Munthu akangokwezedwa, chinthu choyamba kufunsa ndi Land Cruiser ya VX, ndipo ulendo wake waukulu ndi wochoka ku Area 43 kupita ku Capital Hill, kapena ku Kabulonga kupita ku ofesi, phula lokhalokha. Mabatani a matope amafika tsiku logulitsa galimotoyo asanakhudzidwepo. Pamene chipatala chakumudzi, kumene msewu umaduka miyezi itatu pachaka, ambulansi ili pamiyala kudikira tayala. Ine ndimaona kuti misewu yathu ikadakonzeka msanga akuluakulu akadamayendera Sienta, chifukwa bampu limene bwana salimva silikhala pa bajeti.

"Koma ife tidayesako," adatero a Naphiri. "Mu 2023 a Hichilema adalamula kuti ma VX a akuluakulu a boma agulitsidwe. Ndipo boma lidagula Land Cruiser za ntchito, imodzi pa konsitichuwense iliyonse, zonse 156, zoyendera zitukuko za CDF."

"Mwagulitsa magalimoto chabe mukudzitama? Ife a Joyce Banda adagulitsa ndege ya pulezidenti. Ndege, asuweni, ya mapiko."

"Nanga aphungu anu aja amalowetsa motoka osalipira msonkho? Ife ndi inu, kathumba ka zitenje, timafunsidwa malisiti mpaka a ulusi."

"Aphungu amafunika galimoto yolimba kuti azifika kumudzi."

"Amafika liti?"

"Chaka cha mavoti. Chaka chimenecho ngakhale dambo lathu lija amaliwoloka, zipewa ndi nsalu zili kubodi."

"Ndiye kwathu ndi kwanu n'chimodzimodzi. Motoka imatha kufika chaka chilichonse, wosatha kufika ndi mwini wake."

Mvula idayamba kuchepa, koma nkhani ya nambala idali pomwe idayambira. A Chisale adatulutsa mfundo imene ankaisunga: amakaniko. Ku Biwi, ku Lilongwe, kuli anyamata oti ukawapatsa injini m'thumba la saka, pofika madzulo ikulira. Sipeya ikasowa m'sitolo amaisula. Kodi ku Chipata aliko otere?

"Ku Chipata tidali ndi fakitale ya njinga, Luangwa Industries, ya njinga za Eagle. Ku Livingstone tinkamanga motoka za Fiat. Inu mudamangapo chiyani?"

"Mwati 'tidali', mwati 'tinkamanga'. Ife sitidamangepo galimoto, koma palibe galimoto imene idatifera. Ku Malawi galimoto simwalira, imangosintha mwini."

"N'chifukwa chake ndikuopa. Anyamata anu a ku Biwi ndikawasiyira Kuluza yanga, ndikaipeza ili ndi radiyeta ya thirakitala ndi mpando wa minibasi."

"Koma ikuyenda."

"Koma ikuyenda," adavomera a Naphiri, monyinyirika.

Adawerengera za mapepala. Mbali zonse ziwiri amayendera kumanzere, chiwongolero kumanja, ndiye pamenepo padalibe mkangano. Msonkho wolowetsa galimoto uli uku ndi uko, ndipo konse umaluma kwambiri injini ikakhala yaikulu. Inshuwalansi ya yellow card ya COMESA imagwira mayiko onse awiri. Chiyambire Disembala 2022, pamene a Chakwera ndi a Hichilema adatsegula boda ya malo amodzi, munthu sudindanso kawiri m'nyumba ziwiri zotalikirana, ngakhale kudikira kudakalipo. Matolugeti a Chisale adati ku Zambia achuluka, munthu kupita ku Lusaka dzanja limatopa ndi kupereka. A Naphiri adati a ku Malawi a pa Chingeni ndi Kalinyeke ndi ochepa, inde, koma umalipira kenaka n'kugwera m'dzenje uli ndi lisiti m'manja. Za njanji ya Mchinji kupita ku Chipata, imene adaitsegula ndi magule mu 2010, onse adagwirizana kuti mbuzi zikuisamalira bwino.

"Polipira tilipira mu kwacha iti?" adafunsa a Chisale.

"Yathu. Ife tidadula maziro atatu mu 2013, ndalama ya motoka imakwana m'kachikwama ka m'manja. Yanu, chigwetsereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tifunika Kuluza ina yonyamulira ndalama zogulira Kuluza."

"Kwathu aliyense ndi miliyoneya. Inu mudadzichotsa nokha pa ulemerero."

Koma chimene chidawakhazika pansi onse awiri sichidali msonkho kapena kwacha. A Zulu ndi amene adachitchula, akupukuta tebulo.

"Mwaganizapo za maliro?"

Kudali zii.

"Galimoto ya bodi pamudzi si yanu. Usiku pakati adzagogoda, mayi wavutika pobereka. Mudzakana? Mawa lake bokosi likufunika kuchokera ku boma. Loweruka akwati akufuna kukwera kutsogolo, anamkungwi kubodi. Timu ya mpira, kwaya ya Chigwirizano, nkhuni za pa chiliza. Ndipo mafuta onsewa adzati Mulungu akudalitseni."

"Izigona kwanu, asuweni," adatero a Chisale msangamsanga. "Ndaganiza bwino. Zambia ndi dziko lalikulu, la mtendere, dizilo wosasowa."

"Iyayi, amuna anga, mwaiwala? Mwati imafuna dziko la misewu yoipa. Itengeni. Kwathu Febuluwale yense a Ngoni adzafuna ndiwaperekeze ku Nc'wala ku Mtenguleni, ndi zikopa zawo ndi nthungo."

"Nanga Ogasiti? A kwathu onse adzati tiwatengere ku Kulamba ku Mkaika, kwa Gawa Undi. Ndi zilembo za gule wamkulu zomwe, kubodi. Ndidzafotokoza bwanji pa boda kuti amene ali kumbuyowa alibe mapasipoti chifukwa ndi zirombo zochokera kudambwe?"

"Walira mvula walira matope," adatero a Zulu, akutolera makapu.

Amene adayamba m'mawa akulimbirana galimoto tsopano ankakankhirana. Adakangana theka la ola lina, aliyense akuyamikira dziko la mnzake ndi mawu okoma amene sadawatchulepo chibadwire. A Chisale adati apolisi a pamsewu a ku Zambia ndi aulemu, amayamba ndi moni asanakupeze ndi mlandu. A Naphiri adati a ku Malawi ndi achifundo, mlandu wa tayala losalala amatha kuukambirana mpaka utachepa. Pamapeto pake adagwirizana chonchi: nambala ya ku Zambia, chifukwa galimotoyo ili kale ndi mapepala a kumeneko ndipo kuisamutsa n'kuitana msonkho wachabe, dizilo izimwera ku Chipata, ikadwala izipita ku Biwi, koma a Naphiri ali pomwepo kuyang'anira radiyeta, kugona izigona kwa agogo awo, mudzi wa pamalire, kumene abale a mbali zonse amaopa kugogoda usiku chifukwa gogoyo pakamwa pake mpowawa.

"Makiyi azisunga ndine," adamaliza a Chisale. "Mwamuna ndine."

"Muli ndi laisensi?"

A Chisale adayang'ana kudenga.

"Ndikufunsa, asuweni. Mudagwirapo chiwongolero chiyambire?"

"Njinga yamoto ndimaitha."

"Ya kabaza, muli kumbuyo. Madala, mwamva? Munthu wandiuza za Chad, za Gibraltar, za Papa, koma sadziwa pamene pali kilatchi."

"Woyendetsa ndege sakhala mwini ndege."

"Ndiye muzikhala kubodi ndi sikelo yanu. Mukaona matope muzitsika kukatseka mahabu, ndidzakuonetsani potembenuzira."

Galimotoyo adaigula mwezi wotsatira, atatsitsa mtengo chifukwa cha chitseko chija, chimene mpaka pano chikadali chomanga ndi mphira. Mukaiona pa msewu wa kwa Mkanda kapena wa ku Vubwi, mayi wa duku ali pa chiwongolero, bambo wa jekete ali pamwamba pa matumba, imikani, malo amapezeka. Amalandira kwacha zonse ziwiri, koma ngongole ayi, ngakhale mutakhala msuweni.